MASIKU AKULU A MPINGO M'DZIKO LA AKUNDA

Masiku akulu a Cikristu anafika kuno ku Malambo ali oikidwa kale. Palibe mfumu ya Akunda imene inafunsidwa za mwezi woyenera Krisimasi kapena Paskha, kaya ndi Nsefu, Jumbe, Msoro, Kakumbi, Mnkhanya kapena Malama. Anakonza masikuwo ndi anthu a maiko a kumpoto, kumene December ndi mwezi wa cisanu coopsa, ndipo April ndi mwezi umene mitengo iyamba kuphuka. Pofika m'cigwa ca Luangwa masikuwo anagwera pa nyengo zina. Tsiku la pa kalendala silinasunthe ai, koma kulemera kwake kunasintha, pakuti kuno zimene zilamulira cimwemwe ca mudzi ndizo mvula, mwezi ndi nkhokwe.

Poyamba tidziwe kuti masikuwa sanabadwe pamodzi ndi mpingo. Mabuku a Uthenga Wabwino sachula tsiku limene Yesu anabadwa. Colembedwa coyamba coonetsa Akristu akusunga 25 December ndi ca ku Rome, ca m'caka ca 336. Paskha ndi wakale kuposa Krisimasi, koma nayenso anautsa mikangano, ena nasunga tsiku ili, ena tsiku lina, kufikira msonkhano wa mabishopu ku Nicaea mu 325 unagamula kuti onse azisunga pamodzi. Lamulo limene linakhazikika pambuyo pake ndi lakuti Paskha akhale Sabata loyamba lotsata mwezi wathunthu wa pa 21 March kapena kutsogolo kwake. Ndico cifukwa cake amayendayenda pakati pa 22 March ndi 25 April. Owerenga asunge mau a mweziwa, cifukwa tidzawafunanso.

Ngakhale lero Akristu sadya Krisimasi tsiku limodzi. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza kalendala, ndipo England anailandira mu 1752, koma mipingo ina ya kum'mawa inatsala ndi mawerengedwe akale, amene tsopano ali m'mbuyo ndi masiku 13. Cotero anzathu a ku Ethiopia ndi ku Egypt amadya Krisimasi pa 7 January, atasala nyama masiku oposa 40. Ku Scotland, kwao kwa David Livingstone, zinali zina. Kumeneko mpingo unaiyesa Krisimasi mwambo wa Aroma, lamulo la 1640 linailetsa, ndipo siinakhale tsiku la chuthi kufikira 1958. Anthu a kumeneko anali kupita ku nchito pa 25 December, nasungira cikondwerero cao Nyuwere. Amene aganiza kuti Azungu onse anadza ndi mwambo umodzi alakwitsa.

Livingstone yemweyo anailawa Krisimasi ya cigwa cino. Mu December 1866, pa ulendo wake wotsiriza, anaoloka Luangwa ca kumpoto kwa dziko lathu nalunjika ku mapiri a Muchinga. Mvula inali itayamba, cakudya cogula m'midzi cinali cosowa, ndipo iye anali kudalira mkaka wa mbuzi zinai zimene anali kuyenda nazo. Pa tsiku lenileni la Krisimasi mbuzizo zinatayika m'chire, osapezekanso. M'buku la ulendo wake analemba za njala ya masiku otsatawo, ndi kuti anacita kufupikitsa lamba wake. Cigwa sicinamcitire ulemu wapadera; cinamlandira monga cilandirira mwini mudzi ali yense mu December.

MIPINGO ITATU

Amishoni anayamba kukhala pa mtunda asanatsikire kuno. Adachi a ku Orange Free State anamanga pa Magwero mu 1899, caka cotsata nkhondo imene Angoni a Mpezeni anagonja nayo, ndipo mishoni yao ya m'dera lathu, Kamoto, inatsegulidwa mu 1928. Ansembe Acikatolika a White Fathers anakhala pa Kachebere mu 1903. Mishoni ya Chikowa, ya ansembe a Comboni, ndi ya pambuyo ndithu. Koma woyamba kukhazikika pakati pa Akunda anali wa mpingo wa Anglican, ndipo sanali Mzungu.

Leonard Kamungu anali Mcewa wa ku Chia, pafupi ndi Nkhotakota. Anaphunzira ku Zanzibar m'manja mwa mishoni ya U.M.C.A., nadzozedwa unsembe mu 1909. John Edward Hine atakhala bishopu woyamba wa Northern Rhodesia mu 1910, Kamungu anasiya kwao ku nyanja nadzayamba nchito kwa Msoro, m'mbali mwa Lupande. Sanadye Krisimasi zambiri kumeneko, pakuti anamwalira mu February 1913. Sukulu ya ansembe ya ku Zomba imachedwa ndi dzina lake, ndipo chalichi ca Luka Woyera ca pa Msoro ndico likulu la dayosisi ya Eastern Zambia. Cimene ciyenera kukumbukika pa nkhani yathu ndi ici: munthu woyamba kuphunzitsa Akunda caka ca mpingo anali mwana wa dziko la mvula yonga yathu, wodziwa m'mene nkhokwe ionekera mu January.

A U.M.C.A. anali a mbali ija ya mpingo wa England yokonda miyambo yakale. Anadza ndi kalendala yathunthu: Adventi, Lenti, Sabata Loyera, masiku a oyera mtima, makandulo, lubani, ndi zobvala za wansembe zosintha mtundu monga mwa nyengo. Pa zimenezi anafanana kwambiri ndi Akatolika, kupatula kuti iwo anapemphera m'Cinyanja ciyambire, pamene Misa ya Akatolika inali m'Cilatini kufikira msonkhano wa Vatican wa 1962 mpaka 1965. Adachi anali ena. Makolo ao pa msonkhano wa ku Dordrecht wa 1618 ndi 1619 sanataye Krisimasi monga Askochi. Anaisunga pamodzi ndi Paskha, Kukwera Kumwamba ndi Pentekoste, koma monga masiku a ulaliki ndi nyimbo basi, opanda kandulo kapena fanizo. Kwa iwo nthawi yaikulu inali ya Mgonero, wocitika kowerengeka pa caka, pamene Akristu a m'masukulu a m'midzi anayenda ndi ufa pamutu kunka ku mishoni, nagona m'misasa masiku angapo. Mwana wa ku Kamoto ndi mwana wa ku Msoro, ngakhale anali a mtundu umodzi ndi a cinenero cimodzi, anakula ndi zaka ziwiri zosiyana.

KRISIMASI PA MATOPE

Palibe tsiku la mpingo limene linagwa pa nthawi yobvuta kuno monga Krisimasi. Ku Ulaya December ndi mwezi wopuma. Minda iri pansi pa cisanu, zokolola ziri m'nyumba, nyama yaphedwa, ndipo anthu alibe cocita koma kuotha moto ndi kudya. Kuno December ndi mwezi wa khasu. Udzu ukupikisana ndi mbeu, ndipo wosiya kupalira masiku atatu adzaona yekha mu April. Nkhokwe zayamba kulira m'kati. Dothi lakuda la makande, limene m'cilimwe limang'ambika ming'alu yolowa phazi, lasanduka phala logwira mwendo, ndipo Lupande, Lutembwe ndi Msandile, imene mu October inali mcenga wokhawokha, yadzaza madzi ofiira.

Zotsatira zake zinali zazikulu. Wansembe mmodzi kapena awiri a pa mishoni sanathe kufika ku midzi ya kutsidya, ndiponso anthu a kutali sanathe kufika ku mishoni. Misa ya pakati pa usiku, imene Akatolika ndi Aanglican amaikonda, inali ya anthu okhala pafupi ndi belu. Krisimasi siitsata mwezi, ndipo caka cina imagwa pa mdima wa bii, kumwamba kuli mitambo. Ndani angayende ndi ana usiku wotere m'dziko la mikango ndi njobvu? Cotero kwa anthu ambiri Krisimasi inakhala ya kachalichi ka udzu ka pa mudzi, wotsogolera nakhala mphunzitsi, katekisiti kapena mkulu wa mpingo. Aphunzitsi amenewo ndiwo anaisunga Krisimasi m'cigwa muno, ndipo maina a ambiri a iwo sali m'mabuku a mbiri.

Nkhani yake yomwe inafuna kumasulira. M'mbali zambiri za cigwa munalibe ng'ombe cifukwa ca nchenche za kashembe, ndipo mphunzitsi anali ndi nchito yofotokoza modyera ng'ombe kwa ana amene anadziwa njati bwino kuposa ng'ombe. Kakhola ka mafanizo kamene Akatolika amakonza m'chalichi, mwambo umene amati anauchukitsa Francis wa ku Assisi mu 1223, kanathandizapo. Za mtengo wa Krisimasi wa ku Germany, umene unafala ku England m'masiku a Mfumukazi Victoria, sizinamere m'midzi. Mtengo wobiriwira ndi cozizwitsa pa cisanu, koma kuno mu December chire lonse liri biriwiri.

Nanga madyerero amene tonse tiwadziwa, a mpunga ndi nkhuku, buledi ndi tiyi wa shuga wambiri, ndi ana obvala zatsopano oyenda khomo ndi khomo, anacokera kuti? Ine ndiona kuti anadzera njira ya nchito koposa njira ya mishoni. Msonkho wa boma utayamba, amuna ambiri anacoka kukafuna ndalama ku minda ya fodya ya ku Fort Jameson, ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo pambuyo pake ku Migodi. Kumeneko Krisimasi inali tsiku limene nchito iima, nyama nigawidwa, bwana napatsa anchito ake kamphatso. Mwambowo ndi wa ku England, wa pa 26 December, ndipo ndiwo unabala mau athu aja a "Krisimasi bokosi". Obwerera kwao anadza ndi nsaru, sopo, shuga ndi cizolowezi cimeneci, ndipo anthu amene sanalowepo m'kalasi la ubatizo anacilandira msanga ndithu. Mpunga wolimidwa m'madambo anayamba kuubisa ku denga ciyambire pa kukolola, kuti ana angaudye tsikulo lisanafike.

Motero pa mudzi panakhala Krisimasi ziwiri, ya m'mawa ya m'chalichi ndi ya madzulo ya pa bwalo, ya ng'oma, citelele ndi mowa wa mapira. Adachi analetsa mowa kwatunthu, ndipo bwalo la akulu a mpingo la mu January silinali kusowa milandu. Enawo analetsa kuledzera, osati kumwa. Kusiyana kumeneku anthu a m'midzi anakudziwa bwino kuposa ziphunzitso zonse zimene zinagawa mipingo ku Ulaya. Koma mkangano weniweni unali wa m'nyumba: mapira ofulula mowa wa Krisimasi ndi omwewo amene akanakhala nsima ya mu February. Nchembere zimene zinakana kutsegula nkhokwe sizinali zouma mtima. Zinali kuwerenga miyezi.

Masiku ano pali Krisimasi yacitatu. Ciyambire pamene South Luangwa inakhala paki mu 1972, nchito ya alendo odzaona nyama yakula ku Mfuwe. Misasa ya m'chire imatsekedwa mvula ikayamba, anchito nabwerera kwao ndi malipiro, koma malo ena akulu amalandira alendo othawa cisanu ca kwao. Pamenepo mupeza wophika wa kwa Kakumbi akukonzera alendo cakudya ca Krisimasi ca ku Ulaya, mkazi wake ali ku munda.

LENTI NDI PASKHA

Pa Lenti ndi Paskha zinthu zinagwirizana modabwitsa. Tsiku la Phulusa limagwa pakati pa 4 February ndi 10 March, ndiyo nthawi imene njala ifika pa cimake. Kuuza munthu wa ku Malambo kuti asale cakudya mu February kuli ngati kuuza nsomba kuti isambe. Ambiri anali kudya kamodzi pa tsiku kale, ndiwo zake masamba a maungu ndi bowa. Koma mpingo unapatsa njalayo dzina ndi malire: masiku 40, ndipo kutsogolo kwake kuli phwando. Ndipo phwandolo linafikadi. Pofika kumapeto a March kapena mu April mitsinje yayamba kuphwa, njira zauma, cimanga caciwisi, maungu, mphonda ndi nsawa zaca. Ku Ulaya Paskha ali pa ciyambi ca ulimi, mbeu zisanabale. Kuno ali pa zipatso zoyamba.

Makolo athu anaidziwa kale nyengo imeneyi kuti ndi yopatulika. Munthu sanali kungoyamba kudya zam'munda akulu asanapereke zoyamba kwa mizimu pa kacisi. Angoni anansi athu ali ndi N'cwala, pamene Mpezeni alawa zoyamba; mwambowo unaleka atagonja mu 1898, nuyambanso mu 1980, ndipo ucitika mu February ku Mtenguleni. Uthenga wa moyo wotuluka m'manda unafika pa mwezi umene anthu anali ataona kale imfa ikubwerera m'mbuyo, ana amene anaonda ayamba kusewera. Mlaliki sanasowe fanizo. Linali pa khomo la chalichi.

Tsono tibwerere ku mwezi uja. Popeza Paskha atsata mwezi wathunthu, Sabata Loyera limagwa pa masiku a mwezi wowala caka ndi caka. Cimene Krisimasi inamana anthu a kutali, Paskha anawapatsa: njira youma, mwezi kumwamba, ndi kamba wa pa ulendo wothyola m'munda. Ndico cifukwa cake misonkhano yaikulu ya pa mishoni, maubatizo a akulu ndi maulendo a makwaya zinakonda nyengo imeneyi. Ngakhale Sabata la Kanjedza linapeza kwao kuno. Ku England, kumene kanjedza samera, anthu akale anali kunyamula nthambi za mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, koma kuno mwana angotuluka ndi cikwanje nabwera ndi mlaza weniweni. Za mazira opaka utoto ndi kalulu wa Paskha wa ku Germany sizinapeze malo, ndipo nkoyenera: kalulu timdziwa bwino m'nthano zathu, si munthu womuitanira ku chalichi.

Cobvuta cimodzi cinalipo, ndipo cikalipo. Mbeu zikaca njobvu nazo zidziwa. Masabata a Paskha ndi omwewo amene amuna agona pa nsanja ku munda, ndi moto ndi zitini zoopsezera. Usiku umodzi wa ku mapemphero ukhoza kutha munda wa caka cathunthu. M'mabanja ambiri amagawana, wina ku chalichi, wina ku nsanja, ndipo mbusa wodziwa cigwa safunsa kawiri cifukwa cake mabenci a amuna ali ndi mipata pa Lacisanu Loyera.

PENTEKOSTE, MASIKA NDI LUKA WOYERA

Nyengo imene Adachi anaikonda koposa ndi Pentekoste. Ku Paarl, m'dziko la Cape, mu 1861, m'masiku a citsitsimutso, mpingo wa mbusa G. W. A. van der Lingen unayamba kusonkhana kupemphera masiku khumi a pakati pa Kukwera Kumwamba ndi Pentekoste. Mwambowo unafala mu mpingo wao wonse, amishoni nadza nao kuno. Unagwa pabwino, mu May kapena June, kunja kutazizira, nchito ya ku munda itapepuka. Mpingo umene anaubzala, umene mbusa wake woyamba wa dziko lino anali Justo Mwale, wodzozedwa mu 1929, ucedwa Reformed Church in Zambia ciyambire 1968.

Pa masika mipingo yonse ikomana. Tsiku loyamika zokolola m'chalichi si lakale kwambiri ngakhale ku England; amene achulidwa kuti analiyamba monga tiliona lero ndi wansembe Robert Hawker wa ku Morwenstow, mu 1843. Kuno silinafune kuphunzitsa. Anthu anadza ndi mitanga ya mapira, cimanga, mpunga ndi nsawa, ena nkhuku yomanga miyendo, ndipo masiku ano ndalama za thonje. Kwa mipingo yambiri copereka ca masika ndico cisenza nchito ya caka conse. Nyengo yomweyo ya cilimwe ndiyo ya Malaila, pamene Akunda asonkhana kwa Nsefu kukumbukira makolo amene anadza ndi Mambwe. Akristu ambiri amapita konse kuwiri.

Alipo amene sasunga masiku onsewa. Mboni za Yehova zinadya Krisimasi yotsiriza ku likulu lao ku Brooklyn mu 1926, ndipo tsiku lao la pa caka ndi limodzi, la Cikumbutso ca imfa ya Yesu. Mipingo yatsopano ya Cipentekoste yakweza usiku wa 31 December, wocezera kupemphera mpaka caka citalowa. Maboma nawonso aikapo dzanja. Ku Mozambique, kumwera kwathuku, boma la Frelimo linasandutsa 25 December kukhala Tsiku la Banja. Kuno Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, ndipo mu 2015 Edgar Lungu anaika 18 October kukhala tsiku la mapemphero a dziko lonse.

Anthu a pa Msoro anali nalo kale tsiku limenelo, pakuti 18 October ndi tsiku la Luka Woyera, mwini dzina la chalichi cao ndi cipatala cao. Ku England limagwa pamene masamba ayoyoka ndi mphepo yozizira. Kuno limagwa pa cifundizi ceniceni, kutentha kukupitirira madigiri 40, akazi akufukula madzi mu mcenga wa Lupande, njobvu zikuyandikira zitsime za anthu. Njira zonse ziri zouma, cotero wa kutali akhoza kufika, ngati apirira dzuwa. Potuluka m'chalichi akulu amayang'ana kum'mawa ngati kuli kamtambo. Adventi ikamayamba, kumapeto a November kapena kuciyambi kwa December, ambiri amakhala atabzala kale.